Wakuba wa Ganyu

A Kalisto sanabepo kanthu chibadwire, ngakhale chitsononkho, koma agalu olusa a ku Nkolokosa ndi ku Chitawira ankawadziwa kuti ndi mbava. Akamadutsa mumsewu, kuuwa kunkayambira kumtunda n'kumatsika nawo mpanda ndi mpanda, mpaka azimayi kusuzumira pa geti kuti aone chimene chabwera. Ankangoona mkulu wochepa thupi, wa jekete yotuwa, akuyenda atazolika ngati akuchokera kumaliro.

Ine ndine Anjelina. Ndagulitsa nsomba zouma mumsika wa Zingwangwa kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana, ndipo a Kalisto tinkayandikana nyumba, kumtunda kuja kumene njira imasanduka mtsinje mvula ikagwa. Nkhani yawo ndikuidziwa bwino. Penapake ndinaiipitsa ndine, choncho sindiikometsa.

Anabadwira ku Phalombe, kwa makolo ochokera ku Mozambiki, ndipo anakulira m'manja mwa amalume awo amene ankasaka nyama ndi agalu. Kumeneko ndi kumene anatenga lamulo limene ankalinena mpaka kutitopetsa nalo: galu akagwira nyama, alandire matumbo pomwepo, magazi asanazizire. Ukadikira kuti ukamupatse kunyumba, sadziwanso kuti ukumuthokoza chiyani. Ankati amalume awowo sanakwezepo ndodo pa galu, koma akaimba mluzu agalu asanu ankabwerera ngakhale atatsala pang'ono kugwira gwape.

Atabwera m'tauni anagwira ntchito yonyamula mabelo pa fakitale ina ku Makata kwa zaka zoposa makumi awiri. Anakwatira mayi Lusiya, anabereka ana anayi, atatu n'kuwaika m'manda ali aang'ono, n'kutsala ndi mtsikana mmodzi, Mildred. Masiku amenewo anali ndi kagalu kachikuda kofiira, kotchedwa Tilipo. Poweruka ankadzera pa benchi yanga kudzapempha mitu ya matemba, ija imatsalira pansi pa dengu, n'kuithira m'thumba la jekete. Ndi mitu imeneyo anaphunzitsa Tilipo kudikira pakhomo la msika osalowa, kusiya nkhuku za eni, ngakhale kunyamula kabasiketi pakamwa. Amuna a pa bawo ankawaseka.

"A Kalisto, galu amalipidwa ngati wa pa ntchito?"

"Nanga inu ku ntchito kwanu mumagwira ulere?" ankayankha choncho, n'kupitiriza ulendo.

Mayi Lusiya anamwalira chaka cha lifelendamu, Tilipo naye anatsatira ndi ukalamba. Kenako inabwera matipate. Sindinama, inenso ndinavina, ndipo mpaka lero ndimayamika kuti pakamwa panatseguka. Koma walira mvula walira matope. Makampani anayamba kugulitsidwa, amuna kubwera kunyumba masana ndi makalata owachotsa ntchito m'manja, ndipo akuba anataya manyazi. Sankabisalanso, ankabwera gulu, ndi zikwanje, ena ndi mfuti. Aliyense amene anali ndi wailesi yaikulu anamanga mpanda wa njerwa, n'kusanja mabotolo osweka pamwamba, n'kuyamba kufunafuna galu woopsa. A Kalisto kalata yawo inawapeza mu 1995.

Panthawiyo kuseri kwa msika kunali mwamuna wina dzina lake Blackson, amene ankati anagwirapo ulonda ku Joni. Anali ndi makola a malata mumpanda wa bango, ndipo ankagulitsa agalu amene ankawatcha ophunzira. Maphunziro ake anali kuwatsekera mumdima tsiku lonse, kuwathirira tsabola m'chakudya, ndi kuwadula michira. Koma phunziro lalikulu linali la tameki, mankhwala akuda aja opherera makoswe, amene akuba ankapaka pa nyama n'kuponya mumpanda. Galu wogulika anali amene sangadye chilichonse chochokera kwa mlendo. Blackson sakanatha kuphunzitsa zimenezo yekha, chifukwa wopereka chakudya cha tsiku ndi tsiku sayenera kudedwa. Pankafunika munthu wakunja. Anamva kuti pali mkulu wina wosaopa agalu amene akungokhala, ndipo anawapeza pa benchi yanga pomwe.

"Madala, ntchito yake ndi simpo," anatero Blackson. "Inuyo mukhala wakuba. Galu ali pa tcheni, mubwera ndi nyama, mumuonetsa bwinobwino. Akangoti atsegule kukamwa, mumupatsa lamba. Basi."

"Nanga iyeyo walakwa chiyani?" anafunsa a Kalisto.

"Walakwa kukhulupirira munthu. Galu wokhulupirira munthu amafa ndi tameki, bwana wake n'kutsatira."

Ine ndinamuuza Blackson kuti achoke asanandinunkhitsire nsomba. Koma mimba simva kuti kampani inagulitsidwa. Patapita masiku atatu a Kalisto anayamba ganyu ija. Ankakulunga masaka pa mkono wamanzere, kudzanja lamanja atabisa chidutswa cha lamba wa chigayo kumbuyo. Ankaigwira bwino ntchitoyo, ndipo n'chimene chinkawapweteka. Popeza ankadziwa mtima wa galu, ankadziwanso kumunyengerera mpaka afike pafupi. Blackson ankawayamikira kuti sanaonepo wakuba waluso chotero.

Pa benchi yanga ankadutsa osapemphanso mitu ya matemba. Madzulo ndinkawaona panja akusamba m'manja nthawi yaitali, ngati agwira mafuta a galimoto. Anandilumbiritsa kuti Mildred asadzamve. Mwanayo ankamuuza kuti apeza kaulonda ka masana.

Mwa agalu onse amene anadutsa m'manja mwawo, mmodzi yekha ndi amene ankamutchula dzina. Anali Sikadi, wamkulu, wakuda kumsana, wobadwa kwa galu wachizungu ndi wachikuda. Agalu ena ankamva ndi malamba atatu kapena anayi. Sikadi zinamutengera mwezi ndi theka. Ankakwapulidwa lero, mawa n'kubweranso akugwedeza kachitsa ka mchira kaja, ngati akuti dzulo munangolakwitsa. Choncho ndiye anakwapulidwa kuposa onse, ndipo tsiku limene anatembenuka mtima anaposa onse ukali.

"Ameneyu ndikanamupeza ine poyamba, bwenzi akukunyamulirani dengu, mayi," anandiuza tsiku lina, maso ali pansi.

Mildred anali atakwatiwa ndi Howard, mnyamata waulemu, kalaliki wa mu ofesi ina ku Limbe, ndipo ankakhala ku Nkolokosa. M'chisanu cha 1996 akuba anawathyolera chitseko. Anatenga zonse zonyamulika, ndipo Mildred, amene anali woyembekezera, anamutema pa mkono pamene ankatchinjiriza mimba. Bala linapola, koma kuyambira pamenepo ankadzidzimuka ngakhale supuni ikagwa. Howard anakweza mpanda n'kuyamba kufunsa za galu. A Kalisto ndi amene anamuuza kuti akumva kuti kwa Blackson kuli galu wina wotchedwa Sikadi, atenge ameneyo, asalole wina.

Ine nditamva ndinawafunsa kuti, "Nanga inu muzikalowa bwanji kwa mwana wanu?"

"Azimutsekera m'khola. Ine ndi mlendo wa kamodzi pa mwezi."

Koma sanapiteko ngakhale kamodzi komweko. Nthawi zonse ankapeza chifukwa: mwendo, mvula, ntchito. Mdzukulu wawo Tithokoze atabadwa anakamuonera kuchipatala, kenako ankamunyamula Lamlungu panja pa tchalitchi. Mildred ankangoti abambo ake ndi amanyazi ndi nyumba ya mkamwini.

Mu Febuluwale 1997 mvula inagwa masiku asanu osakata, ndipo khoma lakumtunda la nyumba ya a Kalisto linakhala pansi. Anapulumuka chifukwa anali kuchimbudzi. Anthu a mphakati wathu wa tchalitchi anaimika mitengo n'kutchinga ndi bango ndi mapepala apulasitiki, koma chinyezi chinalowa, ndipo mkuluyo anayamba chifuwa, miyendo n'kumatupa. Kwa Blackson anasiya. Ine nyumba yanga inali ya chipinda chimodzi ndi ana asanu, ndipo ngakhale pakanakhala malo, pakamwa pa anthu a ku Zingwangwa sipakanatisiya. Mildred atabwera n'kuona pamene bambo ake ankagona, analira. Anati kuseri kwa nyumba yawo kuli boyizikota yongosungiramo makasu, ya simenti, yosadontha, ndipo Howard wavomera kale. A Kalisto anayesa kuzemba, koma panalibenso pozembera.

Tsiku losamuka ndinawanyamulira mphasa ndi ndowa. Sikadi anali atatsekeredwa m'khola kuseri, pafupi ndi boyizikota yomweyo. Tisanagogode n'komwe, galuyo anayamba. Ine ndamva agalu akuuwa moyo wanga wonse, koma kuja sikunali kuuwa. Ankadziponya pa chitseko cha khola, kuluma matabwa, mpaka tinaona thovu lamagazi likutuluka pa mpata wapansi. Mwana anayamba kulira m'nyumba. Ine ndikasuntha, galuyo analibe nane ntchito. A Kalisto akangosuntha phazi, khola lonse linkagwedezeka.

Tsikulo kunali mlongo wake wa Howard, mayi wa pakamwa posatseka. Anayang'ana galu, n'kuyang'ana mkuluyo, n'kunena mokweza ngati akulankhula ndi khoma:

"Galutu amaona zimene ife anthu sitiona. Alendo onse amabwera pano, bwanji awa okha?"

Aliyense anamva chimene ankatanthauza. Nkhalamba yamasiye, yoika ana atatu, galu n'kuikana pakhomo pamene pali khanda: mawu a ufiti anali atatsala pang'ono kutchulidwa. A Kalisto anatula kathumba kawo, n'kuvula chipewa pamaso pa mkamwini wawo, n'kuulula zonse. Ananena za masaka, za nyama, za lamba, za mwezi ndi theka. Mildred anagwira pakamwa. Sindikudziwa chimene chinamupweteka kwambiri, ganyuyo kapena bodza la ulonda.

Howard sanali munthu woipa, ndipo zikanandipepukira akanakhala woipa. Anati:

"Bambo, ine sindikukukanani. Chipinda ndi chanu. Koma galuyu sindingamuchotse, mukudziwa zimene tinaona pano. Dzuwa likalowa timamumasula, ndiye inu mukafuna kutuluka panja zikhala bwanji? Mukagwirizana naye, tsiku lomwelo mubwere."

Nyumba ya mwini saotchera mbewa. A Kalisto anathokoza, tinanyamulanso mphasa ndi ndowa, n'kukwera phiri kubwerera. Titafika pa msika anaima pa benchi yanga, n'kunena chinthu chimene ndinali ndisanachimve kwa chaka ndi theka:

"Mayi, mitu ija mumasungabe?"

Anayamba ndi kukhala chabe. Masana, Howard ali ku ntchito, Mildred ankawatsegulira geti, iwo n'kukhala pa njerwa pafupi ndi geti pomwepo, atatembenukira kumbali, manja ali pa mawondo. Sikadi ankauwa mpaka mawu kusasa. Iwo phee. Galuyo akangopumira, ngakhale kanthawi komezera malovu, iwo ankadzuka n'kutuluka. Ndinawafunsa kuti ndi nzeru yanji kutsika phiri ndi miyendo yotupa kukangokhala pa njerwa.

"Panopa chimene akufuna kwambiri ndi choti ine ndichoke," anandiyankha. "Ndiye akakhala chete ndimamulipira chomwecho."

Patapita sabata ziwiri anayamba kuponya mitu ya matemba. Nyama sanayerekeze, chifukwa kwa Sikadi nyama ndi lamba zinali chinthu chimodzi. Ankaponya chapansipansi, osakweza mkono, n'kuchoka. Mawa lake ankaipeza pomwepo nyerere zitaiunjirira. Masiku khumi ndi anayi nyerere za ku Nkolokosa zinanenepa ndi nsomba zanga. Madzulo ankabwera kudzakhala pa mwala wa pakhomo panga, akutsokomola.

"Ndinamuphunzitsa bwino kwambiri," ankatero. Sanali kudzitama.

Jekete yotuwa ija anaisiya, poti ndi imene ankavala kwa Blackson, n'kumapita ndi shati yoyera ya kutchalitchi ngakhale mphepo ikuwomba. Ndinawakalipira kuti adzafa ndi chibayo chifukwa cha galu. Anati si chifukwa cha galu, ndi chifukwa cha chipinda. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri.

Tsiku lina mutu umene anaponya dzulo lake sanaupeze. Mildred analumbira kuti sanasese ndipo pakhomopo panalibe mphaka. Kuyambira pamenepo njerwa ija inayamba kuyenda. Masiku atatu alionse ankaisuntha phazi limodzi kulowera ku khola. Nthawi zina ankafulumira, galu n'kuyambiranso misala, iwo n'kubweza njerwa mapazi awiri popanda kudandaula. Epulo anatha choncho. Pofika pakati pa Meyi, Sikadi akamva geti ankagona pansi mphuno ili pa mpata wa chitseko, akudzuma pang'onopang'ono ngati munthu amene sakudziwa choti aganize. Kenako Mildred anayamba kumutulutsa pa tcheni. Galuyo ankadya mutu ukagwa patali, kenako ukagwa pafupi ndi phazi, kenako pa nsonga ya nsapato.

Lachinayi lina ndili pa benchi ndinaona a Kalisto akubwera mothamanga, kuthamanga kwa nkhalamba kuja, dzanja lamanja ali nalo m'mwamba ngati lapsa. Ndinaganiza kuti alumidwa.

"Mayi, taonani! Malovu ake awa! Wadyera m'manja!"

Ankaseka misozi ikutsika, ndipo amayi a tomato anaganiza kuti mkuluyo wazungulira mutu. Kuyambira pa maliro a mayi Lusiya ndinali ndisanawaone mano. Ndinawapatsa matemba athunthu, osati mitu, kuti akadye okha.

Anapangana ndi Mildred kuti Loweruka, Howard ali pakhomo, akamuonetse. Anandipempha kuti ndipite nawo ndikhale mboni, poti nsomba zinali zanga. Sikadi anali pa tcheni pansi pa mtengo wa mapeyala. A Kalisto anapita molunjika, n'kunena motsitsa kuti khala, ndipo chigalu chija chinakhala. Anachipatsa mutu, n'kuchikanda kuseri kwa khutu, icho n'kutsamira pa mwendo wawo wotupa uja. Howard anagwedeza mutu akumwetulira.

"Bambo, mwandigonjetsa. Mawa tikachoka kutchalitchi tikatenge katundu."

Pakanathera pamenepo. Koma ine ndili ndi manja osakhazikika, ndipo chimwemwe chimandichotsa nzeru. Pa mfundo ya chitenje changa panali mitu ingapo. Ndinamasula, n'kuyandikira, n'kutambasula dzanja ndikunena mwanthabwala kuti, "Nanga ine mwini nsomba?" A Kalisto anatsegula pakamwa kuti andiletse, koma anachedwa. Munthu wokhala zaka makumi awiri pa benchi ya matemba, fungo lake galu sangalikayikire. Sikadi anandinunkhiza, anayang'ana a Kalisto, n'kutenga mutu uja mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino. Ndinaseka. Ndinazindikira mochedwa kuti ndikuseka ndekha.

"Amayiwa galuyu wawaonapo kangati?" anafunsa Howard.

"Kamodzi," anayankha Mildred chapansipansi. "Tsiku lija."

Howard analowa m'nyumba. Lamlungu anatumiza uthenga kuti za katundu ziyambe zadikira kaye.

Mwina akanaiwala, mwina akanadziuza kuti linali fungo la nsomba chabe. Koma Lachiwiri m'mawa anthu a mumsewu wotsatira anapeza agalu atatu atauma, thovu lili kukamwa, ndipo nyumba imodzi inali itathyoledwa, mwini wake ali kuchipatala. Loweruka lotsatira Howard anaitana Blackson, anaitananso a Kalisto. Ine palibe anandiitana, koma ndinapita, chifukwa mlanduwo unali wanga.

Blackson anafika akutafuna chingamu. Sanapereke ndi moni. Anatulutsa kanyama m'pepala n'kuponya patsogolo pa Sikadi. Galuyo anabwerera m'mbuyo, anauwa kawiri, anadikira, kenako anatambasula khosi n'kudya.

"Bwana, galu wanu wafa kale, akungoyenda," anatero Blackson. "Madalawa amuwononga."

A Kalisto anachonderera, ndipo sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chonchija. Anati galuyo angathe kuphunzira popanda lamba. Anati abwere anthu achilendo aziponya chakudya, ndipo nthawi iliyonse Sikadi akachisiya, alandire chokoma kuposa pamenepo kuchokera m'manja mwa a pakhomo. Adzadziwa yekha kuti cha pansi n'chachabe, chabwino chili kwa eni ake. Anati zimatheka, amangofuna miyezi iwiri.

"Miyezi iwiri?" Blackson anaseka. "Ndiye mukawauze anyamata a zikwanjewo kuti adikire kaye, galu ali ku sukulu. Ine zanga ndi za tsiku limodzi."

"Chabwino, nanga osapeza munthu wina womukwapula bwanji?" anafunsa Howard. "Bambowa asakhudzidwe."

"Sizingagwire, bwana. Wina akamukwapula, iye azingoti uyu yekha ndiye woipa, abwino aliko, si ndinawaona. Chimene chalowa m'mutu mwakemu n'choti mlendo atha kusintha. Amene anamasula ndi amene amange."

Ine ndinamutukwana Blackson mawu amene sindingalembe pano. Ndinamuuza kuti iyeyo ndiye wofunika tcheni. Ndinauza Howard kuti wolakwa ndine, andikwapule ine ngati lamba akufuna msana. Kaya zimene ananena Blackson zinali zoona kapena inali nzeru ya pa mowa, palibe aliyense pamenepo amene akanatha kutsimikiza, ndipo mantha safunsa umboni. Howard anatembenukira kwa mkazi wake.

Mildred anali ataima pakhonde, mwana ali kumsana, akusisita chipsera cha pa mkono osadziwa kuti akuchisisita. Sanayang'ane mwamuna wake. Anayang'ana bambo ake.

"Abambo," anatero, "ine chiyambire Lachiwiri sindinagone."

Ine sindimuimba mlandu. A Kalisto anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana chitseko cha boyizikota, chimene Mildred anali atachipaka kale utoto wobiriwira, makasu atawatulutsa panja.

"Chabwino, mwanangu," anatero. "A Blackson, bweretsani lambayo."

Anakana kukulunga masaka pa mkono. Anatenga mutu wa temba m'thumba la shati yoyera ija, n'kupita pansi pa mtengo. Sikadi anadzuka akugwedeza kachitsa kake, n'kukhala pansi asanauzidwe. A Kalisto anatambasula dzanja. Galuyo atangotsegula kukamwa, lamba analira.

Sikadi anakuwa n'kuthawira kumene tcheni inathera. Anaima akunjenjemera. Ndiye anachita chimene ndinkaopa: anabwerera chokwawa, mimba ili pansi, n'kuyamba kunyambita nsapato yawo.

"Kachiwiri, madala," anatero Blackson. "Osamunyengerera."

Ine ndinatuluka. Ndinakaima kunja kwa geti, nditatseka makutu ndi chitenje, koma ndinkamvabe. Anabwerera kanayi galu uja. Kachisanu ndinamva tcheni ikukoka mwamphamvu mpaka mtengo kugwedezeka, ndi mawu aja a tsiku loyamba, ouwa ngati akung'ambika pakhosi. Ndinamva Blackson akunena mokondwa kuti, "Eya, wachira."

M'boyizikota muja a Kalisto sanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Anabwerera kuseri kwa bango ndi mapulasitiki, ndipo chifuwa chija chinawatenga m'chisanu cha chaka chotsatira. Mildred ankakwera phiri ndi chakudya, Howard anagula bulangete ndi mankhwala, onse anachita zimene akanatha kupatula chimodzi chija. Maliro ndaona ambiri ndipo awo sanasiyane ndi ena. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimene ndinaona pamsewu tsiku la lamba lija.

Anatuluka pa geti shati itang'ambika pa mkono, magazi pang'ono akutsika m'chigongono. Mildred anawatsatira akulira, n'kumasula mwana kumsana kuti awapatse anyamule, poti m'kati sakanathanso kulowa. A Kalisto anabisa manja kumbuyo.

"Lero ayi," anatero. "Manjawa lero si abwino."

Tinaima atatu m'mphepete mwa ngalande, magalimoto akudutsa. Kuseri kwa mpanda Sikadi anali asanaleke, ankadziponya ndi tcheni yomwe kulunjika pamene panali fungo lawo. A Kalisto anapendeketsa mutu n'kumvetsera bwinobwino, monga amachitira mmisiri poyesa ntchito yake. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Akuuwa bwino," anatero. "Lowa, ukatseke geti. Lero ugona."